Injini Itakana Kudzuka pa Ayezi

Perth, 9 Juni 2024

Okondedwa Bambo,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Dedza. Mwendo uja ukuti bwanji ndi chisanu cha Juni? Ife kuno tili bwino, ine ndi mdzukulu wanu Atikonda, kungoti mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Chichewa amamva chonse mwanayu, koma ukamufunsa kanthu amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno.

Kalata yanu yomwe alamu anga a Gladness anajambula pa foni ndailandira. Mukufunsa chifukwa chake bambo ake a Atikonda sakuonekanso tikamaimba foni ya kanema, ndiponso ngati tinayambana. Sitinayambane, Bambo. Koma takubisirani nkhani kwa miyezi inayi, ndipo ine yandilemera.

Mwana wanu Goodwill sali kuno ku Perth. Ntchito ya ku Kwinana anaisiya mu Febuluwale. Anapita ku Antarctica, kumunsi kwenikweni kwa dziko lapansi, komwe kulibe mudzi, mtengo kapena dothi, koma ayezi yekhayekha. Kuli siteshoni ya akatswiri ofufuza za nyengo, anthu makumi awiri, ndipo iwo ndi makaniko wawo. Sitima yomaliza inachokako kalekale. Kufikira Novembala kulibe chopitako kapena chochokako, ngakhale munthu atadwala.

Ndinawaletsa mpaka mawu anandithera. Iwo ankangoti ndi chaka chimodzi chokha, akabwerako ntchito zidzachita kuwasaka. Kukuuzani inu ndiye ankaopa. Ankati, "Madala akamva andiitanitsa ngati mwana wothawa sukulu."

Komabe sanakuiwaleni, ndipo akupempha nzeru. Kumeneko amayenda pa njinga zamoto za pa ayezi. Kutsogolo zili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka m'malo mwa tayala, kumbuyo lamba wa mano. Injini zake ndi za folositiroko, oyilo payekha petulo payekha. Akuti kukazizira kwambiri zimakana kulira, ndiye akufunsa kuti inu munkatani nazo injini zokana kudzuka m'mawa ku Dedza.

Musawakalipire kwambiri. Mukalemba, a Gladness ajambule monga mwa masiku onse, ine ndidzawatumizira pa kompyuta.

Ndine mpongozi wanu,
Margreth


Dedza, 30 Juni 2024

Goodwill mwana wanga,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga sunafune. Mwendo ukupweteka, garaja ikuyenda, mlongo wako Gladness amabwera kamodzi pa mwezi kuchokera ku Lilongwe. Nkhani za kuno zathera pamenepa.

Miyezi inayi! Ine ndakhala ndikuuza anthu ku tchalitchi kuti mwana wanga akukonza zimakina za Azungu ku Kwinana, osadziwa kuti munthu uli m'firiji. Wasiya mkazi ndi mwana m'dziko la eni, bambo ako wawasiya mumdima. Unaganiza kuti ndikumenya kudzera pa foni? Amake Atikonda ndiwo olimba mtima m'nyumba mwakomo, ndipo uwathokoze.

Koma poti wafunsa nzeru, ndiye kuti ukukumbukirabe amene anakugwiritsa sipanala yoyamba. Ndiye tchera khutu. Chisanu kwa ife si chachilendo. Mu 1987 pa Bembeke madzi anauma m'ndowa, malole asanu a mbatata anakana kulira, madalaivala akungoyenderana ndi manja m'khwapa. Anatuma munthu kudzanditenga ine Luwayo, ndipo isanakwane teni koloko onse asanu anali pa msewu.

Injini yozizira vuto lake ndi oyilo. Amalimba ngati chiponde, sitata imalephera kutembenuza, iwe n'kumangolimbana ndi kiyi mpaka batire itatha. Usatero. Koleza mbaula. Makala akagwira bwino, lawi litatha, ilowetse pansi pa sampu, pomwe pamakhala oyilo, pamwamba ufundike masaka. Kenako kamwe tiyi makapu awiri. Pobwerera upeza injini ikufuna kukupatsa moni yokha. Ngati kumeneko kulibe makala, moto ndi moto, tenga chomwe mumaphikira.

Azungu akowo akadabwa, uwauze kuti sukulu yake ili ku Dedza, kuseri kwa msika.

Udzivala zokhuthala. Undilembere wekha, usatume mkazi.

Bambo ako,
J. Luwayo


Ku siteshoni, 14 Julayi 2024

Amake Ati,

Muli bwanji ndi mwana? Ine ndili bwino, kungoti ndevu zafika pachifuwa, mukandiona mundithamangitsa.

Kalata ya madala ndawerenga katatu. Koyamba ndinaseka, kachiwiri ndinachita manyazi, kachitatu ndinadabwa: ndinapempha liti nzeru ine? Funso limeneli mwandipekera, mayi inu. Koma ndamvetsa. Kwathu mkulu ukamulakwira supita ndi pepani wouma, umapita ndi funso, aone kuti akadali wofunika. Mwachita bwino, ine sindikanaziganiza.

Kungoti madala sakudziwa chomwe akunena. Dzulo kuno kunali madigiri 38 kunsi kwa ziro. Dzuwa tinaliona komaliza mu Meyi. Ukataya madzi otentha m'mwamba, pansi safika. Njingazi timazidzutsa ngati mwana wodwala. Zimagona zitalumikizidwa ku magetsi, kachipangizo kakutenthetsa injini mkati. Batire timaichotsa n'kukaisunga m'nyumba. Nthawi yonyamuka ikakwana umatembenuza kiyi, kudikira pampu ikoke petulo, kenako sitata pang'ono chabe, osapatsa moto. Ukangopatsa moto mapulagi amanyowa, basi tsiku lapita. Ikalira umaisiya izing'ung'udza yokha mphindi khumi ndi zisanu kuti oyilo asungunuke. Ndiye tangoganizani ine nditanyamula mbaula ya pa Bembeke!

Kumapeto kwa Ogasiti ndiperekeza Debbie, mayi wina woyeza makulidwe a ayezi, ku kanyumba komwe kali makilomita 60 kuchokera pano. Masiku anayi okha. Kumeneko kulibe intaneti, ndiye mukaona zii musayambe kusala kudya.

Madala muwauze kuti ndathokoza kwambiri, ndipo malangizo awo ndiwatsata onse. Asangalaleko. Kuwalembera ndekha ndiwalembera ndikabwerako ku ulendowu, pakali pano manyazi sanathe.

Mashifiti a ku chipatala cha ku Murdoch asakupheni. Ati mumuuze kuti abambo ake aona mbalame zoyenda choimirira ngati madikoni.

Wanu,
Goodwill


Dedza, 11 Ogasiti 2024

Amake Atikonda,

Moni kwa inu ndi mwana. Uthenga woti Goodwill atsata malangizo anga unandipeza, ndipo ndinakondwa masiku angapo. Lero sindikukondwa.

M'mawa uno wina wabweretsa njinga ya kabaza yodontha mafuta. Nditanunkhiza, ndinakumbukira kalata yanga ija. Petulo! Inu munalemba bwinobwino kuti njinga za kumeneko zimamwa petulo, koma ine mutu unali pa malole a dizilo. Dizilo amapirira moto, petulo sacheza. Mbaula pansi pa injini ya petulo ndi maliro. Muuzeni mwamsanga aiwale zonse zomwe ndinalemba.

Gladness mwezi uno sabwera, akuti ku ofesi kwachuluka ntchito. Pa foni mukudziwa kuti sindimva, makutu anatha ndi phokoso la injini. Ndikanapempha aphunzitsi oyandikana nane kuti ajambule kalatayi, koma pofika madzulo Dedza yense akhala atamva kuti Luwayo walakwitsa za injini. Ndiisunga pa tebulo kufikira Gladness atabwera. Goodwill si mwana, sangachite zopusa milungu itatu yokha.

Apongozi anu,
J. Luwayo


Perth, 3 Sepitembala 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Mwakhala chete mwezi wonse, koma lero sindidikira yankho. Ndinalonjeza mumtima kuti sindidzakubisiraninso kanthu.

Loweruka m'mawa ndili m'sitima ya pamtunda kupita ku ntchito, foni inalira. Anali dokotala wa ku siteshoni kuja. Mawu ankaduka, koma zomwe ndinagwira ndi izi. Bambo ake a Atikonda ali moyo. Chimphepo chinawatsekera ku kanyumba komwe anapita ndi mayi wofufuza uja. Mayiyo anathyoka mwendo, njinga zinakana kulira, ndipo iwo anagwiritsa ntchito chitofu chophikira kuti injini idzuke. Anafika ku siteshoni onse awiri. Koma dzanja lawo lamanja lavulala kwambiri.

Ndinafunsa kuti lavulala motani. Dokotala anati tidikire milungu ingapo kuti tione pomwe mnofu wamoyo ukuthera, foni n'kuduka. Bambo, ine ndine namwino. Mawu amenewa ndimawanena ndekha kwa abale a odwala, ndipo ndimadziwa chomwe chimabwera pambuyo pake. Sitima inandipitirira pa Murdoch ndili chikhalire, ndinatsikira kutsogolo n'kukhala pa benchi osadziwa kolowera.

Iwo sangathe kulemba panopa, ndipo ndege siingatere kumeneko mpaka Novembala. Anzathu a ku tchalitchi, a Vera ndi amuna awo, akubwera kudzapemphera nafe. Atikonda ndangomuuza kuti abambo ake adzipweteka ku ntchito. Anandifunsa ngati adzathe kumukonzera njinga yake, ine n'kuthawira ku bafa.

Tipempherereni. Ndili ndi mantha.

Mpongozi wanu,
Margreth


Dedza, 8 Sepitembala 2024

Amake Atikonda,

Gladness wafika lero ndi kalata yanu pa foni. Wandiwerengera ndili chiimire. Pa tebulo patsogolo panga panali kalata ina, yomwe ndinalemba pa 11 Ogasiti yoletsa za moto. Ndamuuza ajambule zonse ziwiri kuti muone mtundu wa apongozi omwe muli nawo.

Chitofu! Ndinalemba ndi dzanja langali kuti moto ndi moto, atenge chomwe amaphikira. Mwana anafunsa nzeru kwa bambo ake, bambo ake anamupatsa petulo ndi machesi. Nditazindikira kulakwa kwanga, aphunzitsi anali pakhomo pawo ndi foni m'manja, masitepe makumi awiri kuchokera pano. Ndinasankha kusunga dzina langa.

Musandinyengerere. Ndiuzeni kuti wapsa kufika pati. Nkhope ili bwino? Maso?

Garaja ndatseka. Munthu wotentha mwana wake sayenera kugwira galimoto ya mwini.

J. Luwayo


Perth, 22 Sepitembala 2024

Okondedwa Bambo,

Makalata anu awiri ndawerenga ndikulira. Chonde imvani bwino: mwana wanu sanapse ndi moto. Ndalankhulanso ndi dokotala, ulendo uno foni inamveka. Chomwe chawononga dzanja ndi chisanu. Magazi analeka kuyenda m'zala, mnofu unauma. Nkhope ili bwino, maso ali bwino.

Ndiponso pali china chomwe muyenera kudziwa, ngakhale mundida nacho. Iwo sanafunsepo nzeru za injini. Funso lija ndinapeka ndine, pofuna kuti mkwiyo wanu uphwe. Anakhala chete n'kuthokoza chifukwa chokulemekezani. Ngati pali wolakwa pa makalata amenewa, ndine.

Tsegulani garaja, Bambo. A Gladness akuti chakudya mukungochiyang'ana. Ndiyankheni, ngakhale ndi mawu okalipa.

Mpongozi wanu,
Margreth


Perth, 1 Disembala 2024

Bambo,

Ndine Goodwill. Ndikulemba ndekha monga munanenera, kungoti ndi dzanja lamanzere, ndiye zilembo zikuyenda ngati bakha. Muli bwanji? Ndamva kuti amake Ati simunawayankhe miyezi iwiri, ndipo garaja ikadali yotseka. Ndiye ndikufotokozereni zonse, makaniko kwa makaniko mnzake.

Tsiku lachiwiri tili ku kanyumba kuja, chimphepo chinayamba ndipo jenereta inafa. Njinga zathu ziwiri zinagona panja masiku atatu popanda chotenthetsera, pa madigiri 44 kunsi kwa ziro. Mphepo itachepa, Debbie anatuluka kukaona zida zake, anaterereka n'kuthyoka ntchafu. Mwendo unayamba kutupa moopsa. Pa wailesi anatiuza kuti chigalimoto cha ku siteshoni sichingabwere chifukwa ayezi wa panjira wang'ambika, chingamire. Chopepuka chokha ndicho chikanadutsa, ndipo chopepukacho chinali njinga zathu zakufazo.

Batire ndinaifungatira pamimba, mkati mwa jekete, maola awiri. Nditaibwezera, sitata inangobuula kamodzi n'kusiya. Apo ndinamva mawu anu oti vuto ndi oyilo, ndisalimbane ndi kiyi. Moto pafupi ndi njinga sindinauyandikize, Bambo. Kodi si inu munandiphunzitsa kununkhiza thanki ndisanagwire machesi? Ndinamasula kabawuti ka pansi kotulutsira oyilo, iye n'kumadontha m'poto pang'onopang'ono ngati uchi. Atatha ndinabwezera kabawutiko, poto ndinalowa naye m'nyumba n'kumuika pa chitofu. Oyilo atatentha ndinathamanga naye n'kumuthira m'injini. Kiyi, kudikira pampu, sitata osapatsa moto. Kachitatu inatsokomola. Kachinayi inalira, ndipo ine ndinalira nayo limodzi.

Debbie ndinamumangirira pa ngolo yotsetsereka n'kumukoka maola anayi. Lero akuyenda ndi ndodo. Dokotala akuti tikanagonanso tsiku lina sakanapulumuka. Nzeru ya pa Bembeke ndiyo inamupulumutsa, ndipo ku siteshoni dzina la Dedza akulidziwa.

Za dzanja, ndi mphepo. Ndikuyendetsa inalowa m'magolovesi, ine osamva. Zala ziwiri zakumanja, chamkombaphala ndi chapakati, zinada. Anazidula pa 20 Novembala ku chipatala cha ku Nedlands, nditangofika kuno. Sipanala ndidzagwirabe, akutero. Mlandu wanu palibe, wa amake Ati palibe. Mlandu wanga ndi umodzi, wochoka osakutsanzikani, ndipo ndikupepesa popanda funso lililonse.

Tatumiza zithunzi zitatu, muone kuti mwana wanu ndi wathunthu. Tsegulani garaja.

Mwana wanu,
Goodwill


Dedza, 15 Disembala 2024

Goodwill mwana wanga,

Moni wa lero ndi wochokera mumtima. Takulandira. Amake Atikonda andikhululukire pokhala chete. Za funso lopeka zija zinandiwawa sabata imodzi, kenako ndinaona kuti anandichitira ulemu womwe iwe unalephera. Sindinawayankhe chifukwa ndinkaganiza kuti za chisanu akungondinyengerera.

Za moto ndakhulupirira tsopano. Ntchito unaigwira bwino, ine sindikanaposa pamenepo. Koma wati tilankhule makaniko kwa makaniko mnzake, ndiye usandinamize kachiwiri m'chaka chimodzi.

Mphepo sisankha zala. Ikanalowa m'magolovesi ikanayamba ndi kachala kakumapeto, ndipo ikanaluma manja onse awiri. Iwe zapita ziwiri, zakumanja, zomwe timagwirira bawuti. Kalata yako ndaiwerenga kakhumi, ndipo nthawi zonse ndimaima pa mzere umodzi: "ndinabwezera kabawutiko". Kabawuti ka mazinga opyapyala, pansi pa injini pomwe diso silifika, munthu sakabwezera atavala magolovesi okhuthala ngati pilo. Unavula. Unagwira chitsulo ndi oyilo wozizirayo ndi khungu, n'kumapapasa mpaka mazinga atagwirana.

Ndipo ndikudziwa amene anakuvula. Chaka chomwe unachokera ku koleji unabwera ku garaja ndi magolovesi atsopano achikasu, ukunyada nawo. Ndinakulanda pamaso pa anthu n'kuwaponya padenga. Ndinati makaniko wovala magolovesi ndi kalaliki, bawuti umalimva ndi khungu. Anthu anaseka, iwe sunaseke. Kuyambira tsiku limenelo sindinakuonenso utavala kanthu m'manja pogwira ntchito. Mwina kumeneko panali njira ina, timagolovesi topyapyala kapena chida china, sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pa nthawi yoopsa dzanja limachita zomwe linaphunzira kalekale, mutu usanaganize.

Miyezi itatu ndalira mlandu wolakwika. Uwu ndiwo wanga, ndipo usandilande pondimvera chisoni. Mayi uja ali moyo, ndikuthokoza Mulungu. Koma zala zako zikundipweteka ine, mwana wanga, ndipo ndikupepesa. Sindinapepesepo kwa mwana, ndiye ngati sindinalembe bwino undiuze.

Garaja nditsegula Lolemba. Chatsala ndi chimodzi. Zithunzi zitatu mwatumiza, pa zonse dzanja lili m'thumba. Litulutse. Uliike pa tebulo poyera, amake Atikonda alijambule mbali zonse ziwiri. Gladness ndamuuza kuti sabwerera ku Lilongwe chithunzicho chisanafike. Ndikufuna ndilione.

Bambo ako,
J. Luwayo